Malonje a Mose ndi chimwemwe cha Yetero

Nkhani ya kutuluka kwa Aisraele mu ukapolo ku Ejipito ili ndi chimwemwe chimene aliyense amachidziwa, cha pagombe la nyanja chija: madzi abwerera m'malo mwake, magaleta a Farao amira, Mose wayambitsa nyimbo, Miriamu watenga lingaka ndipo amayi onse akumutsata pambuyo akuvina. Chimenecho chili pa Eksodo 15. Koma mukapitirira pang'ono kufika pa mutu 18 ndime 9, mupeza chimwemwe china chopanda ng'oma, chochitikira m'hema, anthu awiri atakhala pansi. Mawu ake ndi ochepa: Yetero, mpongozi wa Mose, anakondwera chifukwa cha zabwino zonse zimene Yehova anachitira Israele powalanditsa m'manja mwa Aejipito.

Yetero ameneyu sanali Mwisraele. Dothi la njerwa sanalipondepo, mkwapulo sunamulembepo pamsana, nyanja ija sanaiwoloke. Anangomva. N'chifukwa chake ine ndimaikonda ndime imeneyi, pakuti tonse amene tikuwerenga nkhaniyi lero tili pamene anali Yetero. Sitinaone ndi maso, tinachita kuuzidwa. Koma kuti timve chimene chinamukondweretsa mkuluyu, tiyambe taona kulemera kwa goli.

Njerwa ndi mapesi

Banja la Yakobo linalowa mu Ejipito lili anthu 70, likuthawa njala ku Kanani, ndipo linapatsidwa malo ku Goseni, chakum'mawa kwa chigwa chimene mtsinje wa Nile umagawikira mphanda zambiri usanathire m'nyanja. Eksodo 12:40 akuti anakhala kumeneko zaka 430. Analowa ngati alendo olemekezeka, abale a nduna yaikulu Yosefe. Zinthu zinatembenuka italowa mfumu imene sinkamudziwa Yosefe, ndipo gwero la nkhanza zake linali mantha: anthuwa achuluka, nkhondo itabuka adzagwirizana ndi adani athu.

Mfumuyo inayesa njira zitatu, iliyonse yoipa kuposa yapambuyo. Inayamba ndi thangata, kuwamangitsa mizinda yosungiramo chuma ya Pitomu ndi Ramesesi. Ataona kuti akuchulukabe, inaitana azamba n'kuwalamula kuti mwana wamwamuna azimupha pobadwa. Azamba aja anaopa Mulungu, sanatero. Kenako lamulo linapita kwa anthu onse, loti mwana wamwamuna aliyense wa Ahebri aziponyedwa mumtsinje. Chimene chimandigwira mtima nthawi zonse n'chakuti buku la Eksodo silitchula dzina la mfumu yamphamvu ija ngakhale kamodzi. Farao si dzina, ndi udindo, wochokera ku mawu a Chiejipito otanthauza nyumba yaikulu. Koma maina a azamba awiri aja anasungidwa mpaka lero: Sifira ndi Puwa.

Amene anaumbapo njerwa amadziwa kuti ntchitoyi imadya msana. Kukumba, kutunga madzi, kuponda dothi, kuthamanga ndi chikombole dzuwa lonse. Njerwa za ku Ejipito zinali zidina, zouma ndi dzuwa, ndipo dothi lake ankalisakaniza ndi mapesi oduladula kuti zisamang'aluke. Mose ndi Aroni atapita koyamba kwa Farao kukapempha kuti anthu amasulidwe, iye anayankha kuti Yehova ndani, ine sindikumudziwa. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso m'hema muja. Tsiku lomwelo analamula kuti mapesi asamaperekedwenso, anthu azikafuna okha, koma mlingo wa njerwa usatsike. Mlingowo ukapanda kukwana, amene ankakwapulidwa anali akapitawo a Chiisraele, amene anaikidwa kuyang'anira abale awo omwe. Apa ndi pamene ukapolo umafika poipitsitsa, pamene m'bale asanduka mlonda wa m'bale wake kuti apulumutse khungu lake. Eksodo 6:9 akuti Mose atabweranso ndi uthenga wachiyembekezo, anthu sanamumvere chifukwa mitima inali itafooka ndi ntchito yowawa. Munthu akhoza kutopa mpaka uthenga wabwino n'kumamveka ngati phokoso.

Zina zimene ofukula zakale anapeza zimatithandiza kuliona dzikoli ndi maso. M'manda a Rekhmire, nduna yaikulu ya mfumu Thutmose III, ku Thebes, muli chithunzi cha akaidi a mitundu ina akuumba njerwa, woyang'anira ali poteropo ndi ndodo. Ku Louvre mumzinda wa Paris kuli chikopa cholembedwa m'chaka chachisanu cha Ramesses II, chosonyeza oyang'anira ntchito, aliyense ndi mlingo wa njerwa 2,000 ndi chiwerengero chimene anakwanitsa. Mabwinja a mzinda wa Pi-Ramesses ali pa Qantir, kum'mawa kwa chigwa chomwe chija. Ndipo mu 1896 Flinders Petrie anafukula mwala wa mfumu Merneptah, wa cha m'ma 1208 Khristu asanabadwe, umene uli ndi dzina la Israele lakale kwambiri mwa onse opezeka kunja kwa Baibulo. Za chaka chenicheni cha ulendowu akatswiri amasiyana. Ena amatenga zaka 480 za pa 1 Mafumu 6:1 n'kuwerenga chobwerera kuchokera pa kumangidwa kwa kachisi wa Solomoni, n'kufika cha m'ma 1446 BC. Ena amauika m'nthawi ya Ramesses II, amene analamulira kuyambira 1279 mpaka 1213 BC. Zolemba za Aejipito sizinenapo za kuchoka kwa akapolowa, ndipo pali mkangano wautali pa njira imene anadzera ndi kuchuluka kwawo. Bukulo likuti amuna oyenda pansi anali ngati 600,000, osawerengera ana. Mikangano imeneyo ili ndi bwalo lake. Ife pano tikutsata nkhaniyi monga mmene Aisraele anaisungira ndi kuiyimba.

Ndipo iwo anaisunga motere. Pa Eksodo 2:23-25 anthu akubuula, kulira kwawo kukukwera kumwamba, kenako pakubwera ntchito zinayi za Mulungu motsatizana: anamva, anakumbukira pangano lake ndi Abrahamu, Isake ndi Yakobo, anawaona, anadziwa. Pamenepo sipakunenedwa kuti anthuwa anasala kudya, kapena anapereka nsembe, kapena anali olungama kuposa anansi awo. Anangolira basi. Deuteronomo 7:7-8 akunena poyera kuti sanasankhidwe chifukwa cha kuchuluka, pakuti anali ochepetsetsa mwa mitundu yonse, koma chifukwa cha chikondi ndi lumbiro. Ubwino umene Yetero adzaukondwerere unayamba anthu asanachitepo kanthu.

Nyimbo ya masiku atatu

Miliri khumi ndiidumpha, mumaidziwa. Usiku wa Paskha anthu anadya nyama yowotcha, buledi wopanda chotupitsa ndi ndiwo zowawa, atamanga m'chiuno, nsapato kuphazi, ndodo m'manja, magazi ali pamphuthu za zitseko. Mu Eksodo 12 monse mulibe nyimbo. Muli kulira kwa Aejipito pakati pa usiku, muli changu, muli ufa wokanda wosatupa wokulungidwa m'nsalu pamapewa. Ngakhale atafika kunyanja, Farao akubwera pambuyo ndi magaleta osankhika 600, chimene chinatuluka pakamwa pa anthu ndi funso lowawa: kodi ku Ejipito kunalibe manda kuti utitengere kudzafera m'chipululu muno?

Nyimbo inabwera m'mawa, mphepo ya kum'mawa itawomba usiku wonse, anthu ali tsidya lina.

Dzina la nyanjayi m'Chihebri ndi *Yam Suf*, kutanthauza nyanja ya mabango. Loti Nyanja Yofiira linachokera kwa amene anamasulira Malemba m'Chigiriki ku Alexandria, ndipo linayenda mpaka kufika m'Baibulo lathu. Liwu lomweli la *suf* ndi limene lili pa Eksodo 2:3, pamene mayi anaika kabokosi ka mwana wake pakati pa mabango m'mbali mwa Nile, mlongo wake wa mwanayo ataima chapatali kuti aone chimene chichitike. Kuyambira kale owerenga amamutenga mtsikana ameneyu kuti ndi Miriamu. Ngati ndi choncho, tamuonani: ali mwana anaima pa mabango akunjenjemerera mwana mmodzi, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80 waimanso pa mabango, mtundu wonse watuluka m'madzi wamoyo. Lingaka lija analitenga ndi manja amene anadikira nthawi yaitali.

Akatswiri ambiri a Chihebri amati nyimbo imeneyi ndi imodzi mwa ndakatulo zakale kwambiri m'Baibulo lonse, chifukwa cha kapangidwe ka mawu ake. Ayuda amainena m'mapemphero a m'mawa tsiku ndi tsiku, ndipo Akatolika amaiyimba usiku wa Pasaka atangowerenga Eksodo 14. Koma chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mmene alembi achiyuda amailembera mumpukutu wa Chilamulo. Saiyala m'mizere yodzaza ngati ndime zina. Amaika mawu pang'ono, mpata, mawu pang'ono, ndipo mzere wapansi mawu amakhala pansi pa mpata, mpata pansi pa mawu. Iwo eni amakutcha kalembedwe kameneka theka la njerwa pamwamba pa njerwa yathunthu. Ukayang'ana tsambalo umaona khoma. Anthu amene anaumbira Farao njerwa anaiyala nyimbo ya ufulu wawo monga mmisiri ayalira njerwa.

Komabe chimwemwe cha pagombe chinakhala masiku atatu okha. Mutu 15 womwewo usanathe, anthu ayenda masiku atatu osapeza madzi, afika pa Mara, madzi ake ndi owawa, ayamba kudandaulira Mose. Pa Elimu anapuma pa akasupe 12 ndi mitengo ya kanjedza 70. Patangotha mwezi umodzi chichokere ku Ejipito, akulakalaka miphika ya nyama ya ku ukapolo. Pa Refidimu anatsala pang'ono kumuponya miyala Mose chifukwa cha ludzu, mpaka kufunsa kuti kodi Yehova ali pakati pathu kapena ayi. Salimo 106:12-13 likuikamba nkhani yonseyi m'mizere iwiri: anamuimbira zomutamanda, koma sanachedwe kuiwala ntchito zake. Sindikufuna kuwaweruza msanga anthu amenewa. Ludzu la m'chipululu, mwana ali kumsana, si nkhani yoseweretsa. Koma n'zoonekeratu kuti chimwemwe chobwera ndi kuona chozizwitsa chimafuna chozizwitsa china mawa lake kuti chisazime.

Pa Refidimu pomwepo Aamaleki anabwera ndi nkhondo. Atangotha amenewo, pakubwera mlendo wina.

M'hema muja

Yetero anali wansembe wa ku Midiyani, dziko limene ambiri amaliika kum'mawa kwa nyanja ya Aqaba, kumpoto chakumadzulo kwa Saudi Arabia wa lero. Amidiyani anali zidzukulu za Abrahamu kudzera mwa Ketura, kotero anali achibale a patali. Koma mbiri yawo ndi Aisraele ili ndi chipsera. Pa Genesis 37 amalonda a ku Midiyani akutchulidwa pa kugulitsidwa kwa Yosefe, ndipo ndime yomaliza ya mutuwo ikuti ndi iwo amene anamugulitsa kwa Potifara ku Ejipito. Amidiyani analipo pamene Mwisraele woyamba ankalowa mu ukapolo, ndipo Mmidiyani ndiye anabwera kudzakondwerera kutuluka kwawo.

Mose anamudziwa mkuluyu pothawa. Atapha Mwejipito amene ankamenya Mhebri anathawira ku Midiyani, anakhala pachitsime, anateteza ana aakazi 7 a wansembeyu kwa abusa amene ankawathamangitsa. Atsikanawo atafika kunyumba anauza bambo awo kuti munthu wina wa ku Ejipito watilanditsa m'manja mwa abusa. Bambo aja anati, nanga mwamusiyiranji, kamuitaneni adzadye. Mose anakwatira Zipora, nakhala pamudzi pa mkazi wake akuweta nkhosa za apongozi ake. Kunena mwa kwathu, anali mkamwini, ndipo Machitidwe 7:30 akuti chikamwinicho chinatenga zaka 40.

Tsopano mkamwini uja akutsogolera mtundu wathunthu. Yetero wamva mbiri, watenga Zipora ndi ana awiri, Gerisomu ndi Eliezere, wafika kuphiri la Mulungu, watumiza mawu kuti ndikubwera. Mose, munthu amene anaima chilili pamaso pa Farao, anatuluka kukawachingamira apongozi ake, anawerama, anawapsompsona, anafunsana za moyo, n'kulowa m'hema. M'mutu umodzi wokhawu mawu oti mpongozi akubwerezedwa ka 13, pamene oti wansembe wa ku Midiyani akungotchulidwa kamodzi. Wolemba akufuna kuti tiuone msonkhanowu ngati wa pabanja.

Chimene chinachitika m'hemamo ife timachitcha malonje. Mlendo akakhala pansi, mwini nyumba safotokoza zokoma zokha. Amayamba patali, amanena za matenda, za maliro, za mvula imene inachedwa, mpaka kudzafika pa lero kuti tadzuka. Ndime 8 ikuti Mose anawafotokozera apongozi ake zonse zimene Yehova anachita kwa Farao ndi kwa Aejipito chifukwa cha Israele, ndiponso mavuto onse amene anawagwera panjira, ndi mmene Yehova anawalanditsira. Mavuto onse a panjira. Ndiye kuti Mara analimo, njala inalimo, miyala ija inalimo, Amaleki analimo. Yetero anali atamva kale mbiri yake ali kwawo, ndime 1 ikutero, koma kukondwera kwake kukutchulidwa atamva nkhani yonse ndi zowawa zake zomwe. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi chimwemwe cha pagombe. Oyimba aja anali asanafike pa Mara. Yetero anakondwera Mara akumudziwa.

Aphunzitsi achiyuda anadzaukhazikitsa mchitidwe umenewu kukhala lamulo la usiku wa Paskha. Mishnah, nkhokwe ya malamulo a aphunzitsiwo imene inasonkhanitsidwa cha m'ma 200 Khristu atabadwa, imati bambo pofotokozera mwana wake ayambe ndi zamanyazi n'kumalizira ndi matamando, ndiponso kuti m'badwo uliwonse munthu azidziona ngati iye mwini ndiye anatuluka mu Ejipito. Chimwemwe chotere chimayenda ndi pakamwa, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo chayenda choncho zaka zoposa 3,000.

Liwu limene lamanga mutu umenewu ndi kulanditsa. M'Chihebri ndi *natsal*, ndipo likupezeka kasanu: m'tanthauzo la dzina la Eliezere, m'malonje a Mose, m'chimwemwe cha Yetero, ndi kawiri m'dalitso lake. Tanthauzo lake ndi kutsomphola chinthu m'dzanja la amene wachigwira. Amosi 3:12 akuligwiritsa ntchito ponena za mbusa amene akukwatula miyendo iwiri kapena kachidutswa ka khutu m'kamwa mwa mkango. Chichewa chinalipeza bwino liwuli, pakuti m'kati mwa kulanditsa muli kulanda. Farao sanawapereke anthuwa mwaufulu, anachita kulandidwa. Ndipo ndi liwu lomwe lija limene ana aakazi a Yetero anabwera nalo kuchokera kuchitsime zaka 40 zapitazo. Tsiku limenelo mkuluyu anamva kuti Mwejipito walanditsa ana ake m'manja mwa abusa, nayala chakudya. Lero akumva kuti Yehova walanditsa abusa m'manja mwa Aejipito, ndipo ayalanso chakudya.

Kenako anatsegula pakamwa: adalitsike Yehova amene anakulanditsani. Mu Buku Lopatulika dzinali ndi Yehova, mu Buku Loyera ndi Chauta, koma mfundo ndi imodzi, yakuti wansembe wa mtundu wina akutchula dzina lenileni la Mulungu wa Israele. Anapitiriza kuti tsopano ndadziwa kuti Yehova ndi wamkulu kuposa milungu yonse. Kumbukirani Farao uja amene anati sindikumudziwa. Miliri yonse ija inkabwera ndi mawu akuti kuti udziwe, kuti Aejipito adziwe. Mfumu inaona zonse ndi maso koma inaumitsa mtima. Mkulu wa m'chipululu anangomva ndi makutu n'kunena kuti ndadziwa. M'buku la Talmud, la zokambirana za aphunzitsi achiyuda, pa Sanhedrin 94a, muli mawu olasa akuti n'chamanyazi kwa Mose ndi anthu 600,000 aja kuti palibe anati adalitsike mpaka anabwera Yetero. Anayimba ndithu, koma dalitso limenelo linadikira mlendo.

Abraham ibn Ezra, katswiri wachiyuda wa ku Spain wa m'zaka za m'ma 1100, ankaona kuti ulendo wa Yeterowu unachitika Chilamulo chitaperekedwa kale, koma unalembedwa pano dala kuti uyandikane ndi nkhani ya Amaleki. Alendo awiri anamva mbiri imodzi, wina anabwera ndi lupanga, wina ndi nsembe. Kaya mugwirizana naye pa za nthawiyo kapena ayi, kufananitsako n'koona. Kukondwerera mwayi wa mnzako, iwe osapatapo kanthu, ndi chinthu chosowa. Ambiri timatha kulira ndi olira, koma mnzathu zikamuyendera mtima umayamba kuwerengera.

Tsemwe

Liwu limene lamasuliridwa kuti anakondwera pa ndime 9 si lija la masiku onse. Ndi *vayichad*, lochokera ku tsinde losowa kwambiri m'Malemba. Dzina lochokera ku tsinde lomweli ndi limene lili pa Nehemiya 8:10, paja akuti chimwemwe cha Yehova ndicho mphamvu yanu. Chifukwa chosowa chomwecho, aphunzitsi akale analitembenuza uku ndi uku. Shmuel, mphunzitsi wa ku Babiloni wa m'zaka za m'ma 200, analimva ngati likufanana ndi liwu lotanthauza zinthu zosongoka, n'kunena kuti thupi la Yetero linachita tsemwe. Rashi, mphunzitsi wachiyuda wa ku Troyes m'dziko la France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1040 mpaka 1105, anayamba wanena kuti tanthauzo lapoyera ndi kukondwera, kenako n'kuwonjezera limeneli, kuti tsemwelo linali chisoni cha kuwonongeka kwa Aejipito.

Ndikuona kuti awiriwa akhoza kukhala m'thupi limodzi. Munthu angathe kukondwera ndi mtima wonse kuti akapolo amasuka, thupi lake n'kuchita tsemwe poganiza za ana oyamba kubadwa amene anafa usiku umodzi, kuyambira wa mfumu mpaka wa mdzakazi wopera pamphero, ndi asilikali amene mitembo yawo inali mbwee pagombe. Amenewonso anali ndi amayi awo.

Funso limeneli Ayuda sanalithawe. Mu Talmud, pa Megillah 10b, pali nkhani yoti angelo anafuna kuyimba usiku umenewo, Mulungu n'kuwaletsa kuti ntchito ya manja anga ikumira m'nyanja, inu n'kumayimba? Mpaka lero pa chakudya cha Paskha, potchula miliri khumi, aliyense amataya dontho la vinyo kuchokera m'chikho chake pa mliri uliwonse, ndipo ambiri amafotokoza kuti chikho cha chimwemwe sichingadzaze pamene ena anavutika. Zindikirani kuti amene analetsedwa ndi angelo, osati Miriamu. Mmene ndimaonera ine, amene msana wake uli ndi zipsera ali ndi ufulu woyimba goli likathyoka, ndipo palibe angamutseke pakamwa. Koma amene ankaonerera ali pabwino ayenera kusamala kuti chimene chikumukondweretsa ndi kumasuka kwa womangidwa, osati kugwa kwa munthu. Ndime 9 yasankha mawu ake mosamala pamenepa. Mose anafotokoza zimene Yehova anachita kwa Farao, koma Yetero anakondwera ndi zabwino zimene Yehova anachitira Israele. Ndipo Chilamulo chomwecho, pa Deuteronomo 23:7, chikuti usanyansidwe naye Mwejipito, pakuti unali mlendo m'dziko lake.

Mawa lake

Yetero anapereka nsembe yopsereza ndi nsembe zina, ndipo Aroni ndi akuluakulu onse a Israele anabwera kudzadya naye pamaso pa Mulungu. Iyi ndi nsembe yoyamba imene bukuli likuitchula anthu atatuluka mu Ejipito. Pachitsamba choyaka paja Mulungu anamuuza Mose kuti chizindikiro chidzakhala chakuti mudzanditumikira paphiri lino. Liwu la kutumikira limenelo ndi lomwe lija la kugwirira Farao ntchito. Manja ndi omwewo, wasintha ndi amene akumutumikira, ndipo utumiki watsopanowu ukuyamba ndi anthu atazungulira chakudya.

Kutacha, Mose anakhala pansi kuweruza milandu, anthu ataimirira momuzungulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Yetero anayang'ana, anafunsa, anamvetsera yankho, kenako anati, chimene ukuchitachi si chabwino. Munthu yemwe uja amene dzulo anakondwera ndi zabwino zonse ndiye lero waona chosakhala bwino. Anati ntchitoyi yakulemera, ufooka iwe pamodzi ndi anthuwa. Liwu la kulemera limeneli ndi lomwe Farao analigwiritsa ntchito pa Eksodo 5:9 polamula kuti ntchito iwalemere akapolo. Anthu omasulidwa dzulodzuloli akhoza kudzipezanso ataimirira padzuwa tsiku lonse kudikira munthu mmodzi, ngakhale munthuyo ali wabwino ngati Mose. Akuluakulu a kwathu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Malangizo a Yetero anali oti Mose asankhe amuna okhoza, oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi phindu lachinyengo, awaike kuyang'anira anthu 1,000, ena 100, ena 50, ena 10, milandu ing'onoing'ono izithera komweko, yaikulu yokha ndiyo izifika kwa iye. Mose anamvera apongozi ake. Mpaka lero, m'kawerengedwe ka Ayuda ka Sabata ndi Sabata, gawo limene muli Malamulo Khumi limatchedwa ndi dzina la mlendo ameneyu, Yitro.

Njira imeneyi, yochoka pa chimwemwe kupita pa chakudya kenako pa chilungamo, ndi imene buku la Deuteronomo linaitsata mpaka kuisandutsa lamulo. Pa 16:11-12 anthu akulamulidwa kukondwera pa chikondwerero cha masabata, ndipo oitanidwa akutchulidwa mmodzimmodzi: iwe, mwana wako wamwamuna ndi wamkazi, wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye, mayi wamasiye. Chifukwa chake n'chakuti unali kapolo ku Ejipito. Sabata nalonso, pa 5:14-15, laperekedwa kuti wantchito wako apume monga iwe, ng'ombe ndi bulu zomwe. Kapolo wachihebri amasulidwe chaka cha 7, ndipo asachoke chimanjamanja, umupatse za m'khola, za popunthira ndi za moponderamo mphesa. Waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe. Kapolo wothawa mbuye wake asabwezedwe, akhale pamene wakonda, pamene malamulo a Hammurabi ku Babiloni ankapereka imfa kwa wobisa kapolo wothawa.

Tinene zoona, Chilamulo sichinathetse ukapolo. Levitiko 25 akulola kugula akapolo kwa mitundu ina, Solomoni anadzalemba anthu 30,000 a thangata, ndipo pa Yeremiya 34 akuluakulu a Yerusalemu anamasula akapolo awo mzinda utazingidwa, adani atangochoka pang'ono n'kuwagwiranso. Zimenezi zimandipweteka powerenga, ndipo sindikufuna kuzibisa. Koma mneneri powadzudzula sanafune mfundo yatsopano. Anangowakumbutsa pangano la tsiku limene makolo awo anatulutsidwa m'nyumba ya ukapolo.

Yetero sanakhalitse. Ndime yomaliza ya mutu 18 ikuti Mose anawaperekeza apongozi ake, ndipo anabwerera kudziko la kwawo. Patapita mibadwo, Oweruza 1:16 akutchula Akeni, zidzukulu za mpongozi wa Mose, akukwera pamodzi ndi fuko la Yuda kukakhala chakumwera kwa Aradi. Ndipo pamene mfumu Sauli inkapita kukamenyana ndi Aamaleki, inayamba yatumiza mawu kwa Akeni amene ankakhala pakati pawo, kuti chokaniko msanga ndingakuwonongereni kumodzi, pakuti inu munawachitira chifundo Aisraele onse pamene ankachokera ku Ejipito.